Kodi n'chiyani chimakankha makampani oyandikana kuti apeze njira zatsopano? Zimene zikuoneka ku Cuamba, Mandimba ndi Ngauma

Mlimi wa ku Mitande kapena ku Itepela akakolola thonje, fodya, soya kapena nandolo, katundu wakeyo sakhala nthawi yaitali pakhomo. Amakwezedwa pa njinga, pa lole, ndipo wambiri amatsikira ku Cuamba. Kumeneko ndi kumene kuli mphambano ya njanji, fakitale yochotsa njere za thonje, nyumba zosungiramo katundu za ogula mbewu, zigayo, mabanki, amakaniko ndi owotcherera zitsulo. Mtengo umene mlimi amalandira m'manja umadalira kwambiri mmene malo amenewa amagwirira ntchito. Makina akale otaya ufa, sikelo yosadalirika kapena magetsi ozimazima, zonsezi mtengo wake umabwerera kwa amene adalima.

Akatswiri a zachuma adaona kalekale kuti makampani a ntchito zofanana amakonda kuunjikana malo amodzi, ngati mmene ogulitsa nsomba amakhalira mzere umodzi pamsika. Adaonanso kuti m'malo ena oterewa luso limakula msanga, makina amasintha, katundu amakhala wabwino chaka ndi chaka, pomwe m'malo ena anthu amagwira ntchito mofanana ndi mmene ankagwirira makolo awo zaka 40 zapitazo. Funso ndi lakuti kusiyanaku kumachokera pati.

Mngelezi wina, Alfred Marshall, adalemba za nkhaniyi m'buku lake la 1890 ataona mizinda ngati Sheffield, kumene ankasula mipeni ndi zida zina zachitsulo. Iye adati kuyandikana kumathandiza chifukwa amisiri odziwa ntchito amapezeka pafupi, ogulitsa zipangizo ndi okonza makina amabweranso pomwepo, ndipo chinsinsi cha ntchito sichibisika nthawi yaitali popeza anthu amaonana tsiku ndi tsiku. Patapita zaka 100, mu 1990, Michael Porter wa ku Harvard adawonjezera kuti chimene chimakankha kwambiri ndi mpikisano woopsa pakati pa oyandikanawo komanso ogula ovuta kusangalatsa. Maganizo awiriwa ndiwo akhala akutsogolera maboma ambiri, kuphatikizapo la Mozambique, pokhazikitsa malo apadera a mafakitale monga Beluluane pafupi ndi fakitale ya Mozal ku Maputo, ndi dera lapadera la zachuma la Nacala lomwe lidakhazikitsidwa mu 2007.

Cuamba sinafike pamenepo, ndipo palibe chifukwa chokokomeza. Sitingaiyerekeze ngakhale ndi Kanengo ku Lilongwe, kumene msika wa fodya, mafakitale a Limbe Leaf ndi Alliance One, nyumba zosungiramo katundu ndi makampani a malole zili pamalo amodzi. Komabe zimene Marshall ndi Porter ankanena zimaoneka bwino pamalo aang'ono ngati ano, chifukwa aliyense amadziwa amene wagula makina atsopano ndi amene watseka chitseko.

Njanji ndiyo idayambitsa

Mzindawu, umene atsamunda ankautcha Nova Freixo, udakula chifukwa cha njanji. Kuchokera ku doko la Nacala kufika ku Cuamba ndi makilomita 533. Pamenepo njanji imagawikana: nthambi imodzi ya makilomita 262 imakwera ku Lichinga, ina ya makilomita 77 imapita ku Entre Lagos ndi kulowa m'Malawi pa Nayuchi, ndipo kulumikizana ndi Malawi kumeneku kudachitika mu 1970. Nkhondo idaononga zambiri mpaka mtendere wa 1992. Kenako kampani ya Vale ya ku Brazil idakonzanso njira yonse kuti inyamule malasha kuchokera ku Moatize kudutsa m'Malawi mpaka kunyanja, mtunda wa makilomita 912, ndipo nthambi ya ku Lichinga idatsegulidwanso mu 2016. Msewu wa N13 wochokera ku Cuamba kudutsa Mandimba ndi Massangulo nawo tsopano ndi waphula.

Njanji ndi msewu pazokha sizipanga luso. Zimene zimachita ndi kuchepetsa mtengo woyesera. Mwini chigayo amene kale ankadikira milungu kuti lamba kapena sefa ibwere kuchokera ku Nampula tsopano atha kuilandira m'masiku ochepa, choncho saopa kugula makina amene zipangizo zake sizipezeka m'tauni momwemo. Koma msewu womwewo umabweretsanso ufa wopakidwa bwino, mafuta ophikira ndi mipando yochokera kutali. Amene ankagulitsa yekha chifukwa msewu unali woipa amadzidzimuka atapeza opikisana naye pakhomo.

Wogula akavuta, makina amasintha

Pa zonse zimene zimakankha makampani kuno, champhamvu kwambiri chikuoneka kuti ndi zofuna za wogula wakutali. Thonje ndilo chitsanzo chomveka. Kampani ya Sociedade Algodoeira do Niassa, imene alimi amangoitcha SAN, ndi ya gulu la João Ferreira dos Santos lomwe lidayamba malonda mu 1897, ndipo fakitale yake yochotsa njere ili ku Cuamba. Thonje lochoka m'fakitale yotere limakathera ku mafakitale opota ulusi akunja. Ogula amenewa amayeza utali wa ulusi, mtundu wake ndi ukhondo wake. Kachidutswa kamodzi ka thumba la pulasitiki kakalowa m'belo, kamapoteka limodzi ndi ulusi, ndipo nsalu ikamanyikidwa mu utoto malo amenewo sagwira mtundu. Ichi n'chifukwa chake makampani a thonje amalimbikira kuti alimi asathyolere m'matumba a feteleza. Mlimi angaone ngati ndi lamulo longovutitsa, koma lidachokera kwa munthu amene ali kutsidya la nyanja ndipo ali ndi mphamvu yokana mabelo onse.

Kuyambira cha m'ma 2013 thonje la ku Mozambique lidayamba kulowa m'ndondomeko ya Better Cotton, imene masitolo akuluakulu a zovala amafuna. Ndondomeko imeneyi imafuna kuti kampani idziwe alimi ake, iwaphunzitse kupopera mankhwala pokhapokha tizilombo tafika pochuluka, ndiponso ana asagwiritsidwe ntchito. Kuti izi zitheke, kampani iyenera kulemba mayina, kusunga kaundula, kuphunzitsa alangizi. Kalembera amene kale ankachitika m'kope tsopano m'malo ambiri amachitika pa foni. Uku ndi kusintha kwa luso ndithu, ngakhale palibe makina aakulu amene abwera pa sitima.

Fodya wayenda njira yofanana. Mozambique Leaf Tobacco, kampani ya gulu la Universal la ku America, ndiyo imagula fodya wambiri wa ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, ndipo fakitale yake ya ku Tete idatsegulidwa mu 2006. Isanamangidwe, fodya wambiri wa kuno ankakonzedwera ku Malawi. Makampani a ndudu amafuna kudziwa munda umene belo lililonse lachokera, safuna nthenga, ulusi wa pulasitiki kapena zinyalala zina, ndipo amafunsa za mitengo imene yadulidwa pomanga zigafa. Malamulo onse amene mlangizi wa fodya amabwera nawo kumudzi, mizu yake ili kumeneko.

Apa pali chinthu chimodzi chofunika kuchinena poyera. Luso lobwera chifukwa cha wogula limatsika kuchokera pamwamba, ndipo limathandiza choyamba amene walibweretsa. Mlimi amawonjezera ntchito yosankha ndi kusamala, koma si nthawi zonse pamene mtengo umakwera molingana ndi thukuta lowonjezeralo.

Pamene palibe mpikisano

Ku Mozambique thonje ndi fodya zimalimidwa mwa dongosolo lakuti boma limapereka dera kwa kampani imodzi. Kampaniyo imapereka mbewu, mankhwala ndi ulangizi pa ngongole, ndipo ili ndi ufulu wogula yokha m'deralo. Mtengo wotsikitsitsa wa thonje umalengezedwa ndi boma chaka chilichonse pambuyo pa zokambirana za bungwe la makampani la AAM ndi bungwe la alimi la FONPA, moyang'aniridwa ndi IAOM.

Dongosolo limeneli lili ndi mbali ziwiri, ndipo onse amene amalikonda ndi amene amadana nalo ali ndi mfundo. Kampani yodziwa kuti thonje lidzabwera kwa iyo imalimba mtima kuika ndalama pa mbewu yabwino ndi alangizi, chifukwa sidzalimira mnzake. Ku Malawi, kumene ogula thonje ambiri amapikisana m'dera limodzi, vuto la alimi otenga ngongole kwa uyu n'kukagulitsa kwa uyo lakhala likufooketsa makampani kupereka zipangizo. Koma mbali inayo ndi yakuti kampani yopanda wopikisana naye pakhomo ilibe moto kumbuyo. Ikachedwa kugula, ikachedwa kulipira, mlimi alibe kwina kopita ndi thonje lakelo.

Kunena zoona, mpikisano ulipo, kungoti sukuchokera kwa kampani ina ya thonje. Ukuchokera kwa soya, chitowe ndi nandolo. Mlimi wosakhutira sachita kukangana ndi munthu, amangosintha mbewu nyengo yotsatira. Fakitale yochotsa njere imafuna thonje lochuluka kuti ibweze ndalama za makina ake, choncho alimi akathawira ku soya, kampani imakakamizika kufunafuna njira zowasunga: mbewu yobereka kwambiri, kulipira msanga, kuthandiza ndi kulima. M'maboma a m'malire muli mpikisano winanso umene suli m'mabuku. Chiponde ali pafupi ndi Mandimba moti mtengo wa chimanga kapena soya ukasintha tsidya limodzi, njinga zimadziwa tsiku lomwelo. Kwacha ikagwa, katundu amalowera uku. Mtengo ukakwera ku Mangochi, amalowera uko.

Kumene mpikisano wa Porter umaoneka bwino ndi pa mabizinesi ang'onoang'ono. Zigayo ziwiri zikakhala pa msika umodzi, amayi sachedwa kudziwa chimene chimatulutsa ufa wosalala, chimene chili ndi makina okonola, ndi chimene chimazima pakati pa ntchito. Mmodzi akaika makina okonola, winayo alibe mtendere mpaka naye aike. Wowotcherera akapanga makina opunthira chimanga n'kuwaika panja pa shedi yake, mnzake wa tsidya la msewu amabwera ngati akudzacheza, maso ali pa mmene chitsulo chapindidwira. Patapita miyezi iwiri makina ofanana akugulitsidwa malo atatu, ena abwinopo kuposa oyamba aja. Woyambitsayo amadandaula kuti amubera nzeru, ndipo sakunama. Komabe dera lonse lapindula, ndipo iyenso mawa adzaonera kwa wina.

Kuonerana kumeneku kuli ndi malire ake. Ngati aliyense akudziwa kuti chatsopano chilichonse chidzakopedwa sabata yomweyo, palibe amene angafune kutaya ndalama zambiri poyesa chinthu chachikulu. Mapeto ake onse amapikisana potsitsa mtengo basi, kugwiritsa ntchito chitsulo chopyapyala, mpaka phindu litatha. Malo ambiri a amisiri mu Africa adaima pamenepa.

Zimene zidachitika ku Kumasi ndi ku Sialkot

Ku Kumasi m'dziko la Ghana kuli dera lotchedwa Suame Magazine, kumene amakaniko ndi osula zitsulo masauzande ambiri amagwira ntchito moyandikana. Kwa nthawi yaitali ntchito yawo inali yokonza magalimoto ndi kuphwasula akale. Mu 1980 yunivesite ya sayansi ya mumzindawo idatsegula malo ophunzitsira pakati penipeni pa amisiriwo, m'malo mowaitanira kusukulu. Kumeneko amisiri adaphunzira kugwiritsa ntchito makina osemera zitsulo ndi kusungunula chitsulo, ndipo ena adayamba kupanga okha zipangizo za zigayo ndi makina okonzera zokolola. Nzeru yatsopanoyo idachokera kunja kwa gululo, koma idafalikira msanga chifukwa anthuwo anali kale pamodzi.

Nkhani ya ku Sialkot m'dziko la Pakistan ikuonetsa mphamvu ya mantha. Mzinda umenewu umapanga zida zachitsulo zochitira opaleshoni m'zipatala. Mu 1994 boma la America lidaletsa zida zochokera kumeneko ponena kuti sizikukwaniritsa miyezo. Makampani amene dzulo lake ankalimbirana ogula adakhala pansi pamodzi kudzera m'bungwe lawo, adapempha thandizo la boma, adabweretsa akatswiri owaphunzitsa kusamala ubwino wa katundu, ndipo patapita zaka zochepa malonda adabwerera. Palibe kampani imene ikadatha kulipira zonsezo payokha.

Alimi a kuno amadziwa kukoma ndi kuwawa kwa msika wakutali. Mu 2016 Mozambique ndi India adasainirana pangano la nandolo pamene nduna yaikulu Narendra Modi adabwera ku Maputo, ndipo anthu ambiri adadzala nandolo mitengo ili pamwamba. Mu Ogasiti 2017 India, itakolola zambiri kwawo, idaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo mtengo udagwa koopsa ku Mozambique ndi ku Malawi komwe. Kusiyana ndi Sialkot n'kwakuti kuno kunalibe bungwe lamphamvu la ogula ndi okonza nandolo a m'deralo loti likhale pansi n'kupeza njira ina, monga kusenda ndi kupaka nandoloyo kapena kufuna msika wina. Aliyense adalira payekha, ndipo ambiri adangozula mbewuyo. Vuto limakankha anthu kusintha pokhapokha pali pokumanirana ndi kukhulupirirana kokwanira. Kupanda apo limangowabalalitsa.

Chitsanzo chapafupi chosonyeza mbali yabwino chili ku Gurúè, m'chigawo cha Zambézia, dera loyandikana ndi Cuamba. Kumeneko soya adakula chifukwa makampani oweta nkhuku, makamaka a ku Nampula, ankafuna chakudya cha nkhuku, ndipo mabungwe monga CLUSA ndi TechnoServe adathandiza ndi mbewu ndi ulangizi. Alimi ena apakati adapeza mathirakitala ndi makina opunthira, nayamba kulimira ndi kupunthira anzawo pa malipiro. Kenako adapanga kopaletivi ya COPAZA ndipo padamangidwa fakitale yokonza mbewu. Thirakitala zitachuluka, wokonza thirakitala adapeza chifukwa chokhalira pomwepo, wogulitsa zipangizo nayenso chimodzimodzi. Zinthu zidatsatana motero chifukwa panali wogula weniweni kumapeto.

Nzeru imayenda ndi miyendo

Luso lambiri m'dera lino silinabwere ndi buku. Lidabwera ndi anthu. Amene adathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndi amene adagwirapo ntchito m'maesiteti a fodya a ku Namwera, adabwerera akudziwa kufesa nazale, kusoka ndi kusankha fodya. Makaniko amene adaphunzira pa kampani yomanga msewu kapena njanji, ntchito itatha amatsegula garaja yake. Mnyamata amene wakhala zaka zisanu akuthandiza pa chigayo amadziwa kumva ndi khutu kuti bering'i yatha. Kampani yaikulu ikaphunzitsa munthu n'kumutaya imaona ngati yaluza, koma munthuyo sapita kumwamba, amakatsegula shedi yake kuseri kwa msika.

Sukulu zilipo. Ku Cuamba kuli nthambi ya zaulimi ya Universidade Católica de Moçambique, ku Unango kuli ya UniLúrio, ndipo ku Lichinga kuli malo a kafukufuku a IIAM. Funso limene nkhani ya ku Kumasi ikudzutsa ndi lakuti mtunda wochoka pa geti la sukulu kufika pa shedi ya wowotcherera ndi wautali bwanji. Pa mapu ndi waufupi. Koma wophunzira amalemba m'Chipwitikizi chapamwamba, mmisiri amalankhula Chimakhuwa, Chiyao kapena Chinyanja, ndipo kawirikawiri palibe amene ntchito yake ndi kuwakumanitsa. Vuto la makina opunthira soya amene amaswa njere ndi loyenera wophunzira wa chaka chomaliza, ndipo yankho lake likhoza kugulitsidwa mawa lomwe.

Foni yafupikitsa mtunda wina. Movitel itayamba mu 2012 netiweki idafika m'midzi yambiri, ndipo M-Pesa ndi e-Mola zapangitsa kuti wogula alipire popanda kuyenda ndi chikwama cha ndalama. Mmisiri amaonera pa YouTube mmene anzake a ku India kapena ku Brazil amapangira makina, n'kutumiza chithunzi cha chipangizo chothyoka pa WhatsApp kwa wogulitsa wa ku Nampula kapena ku Limbe.

Magetsi, ngongole ndi lamulo

Palibe amene angagule makina abwino ngati magetsi ndi osadalirika, chifukwa mota ikapsa kamodzi phindu la chaka latha. Niassa ili kumapeto kwa nthambo yaitali ya magetsi, ndipo mphamvu imafooka ikamayenda mtunda wotere. Mu Seputembala 2023 kudatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa ku Tetereane, pafupi ndi Cuamba, a mamegawati 19, omangidwa ndi Globeleq, Source Energia ndi EDM. Ndi oyamba m'dziko muno kukhala ndi mabatire akuluakulu osunga magetsi olumikizidwa ku nthambo za dziko lonse. Kwa mwini chigayo wa dizilo, kufika kwa magetsi odalirika ndi kusintha kwakukulu kuposa maphunziro aliwonse.

Ndalama ndiye chipika chachikulu. Mu 2023 chiwongoladzanja choyambira cha mabanki m'Mozambique chinali chopitirira 20 peresenti. Makina amene amabweza ndalama zake m'zaka zisanu sangagulidwe ndi ngongole yotere. Ichi n'chifukwa chake zatsopano zambiri za mabizinesi ang'onoang'ono zimakhala zazing'ononso: kusintha sefa, kuwonjezera fani, kulumikiza injini imodzi ku makina awiri. Anthu ena amaziderera, koma ndi zimene thumba likulola. N'chifukwa chakenso makampani a thonje ndi fodya, amene amatha kubwereka kunja pa mtengo wotsika, ndiwo amakhala ngati banki ya alimi.

Lamulo nalo limakankha. Mu 2016 boma lidalamula kuti ufa wa chimanga, ufa wa tirigu, mafuta ophikira ndi shuga zopangidwa m'mafakitale ziziwonjezeredwa mavitamini ndi michere. Wogaya amene akufuna kupaka ufa wake m'matumba a dzina lake n'kugulitsa m'masitolo kapena kusukulu ayenera kukhala ndi kamakina kothira michereyo mwa muyezo. Chimodzimodzi chuku cha m'mtedza ndi chimanga: ogula akunja amayeza poizoni wake, ndipo izi zidachititsa kuti bungwe la IITA ku Nampula lipange mankhwala a Aflasafe othira m'munda. Lamulo lotere limakweza amene angakwanitse, koma likhozanso kutsekera kunja wamng'ono ngati palibe womuthandiza kugula makinawo.

Mapulani aakulu a boma sanayende bwino nthawi zonse. ProSavana, imene Mozambique, Japan ndi Brazil adagwirizana mu 2009, inkakhudza maboma a m'njira ya Nacala kuphatikizapo Cuamba, Mandimba ndi Ngauma, ndipo m'mapepala ake munali maganizo omanga magulu a makampani a zaulimi. Bungwe la alimi la UNAC ndi ena adaikana poopa kulandidwa minda komanso podandaula kuti sadafunsidwe, ndipo idatsekedwa mu 2020. Gulu la makampani lojambulidwa mu ofesi silifanana ndi lomera lokha pamene pali wogula, msewu ndi amisiri.

Wogwira makina akapanda kupindula

Pali chinthu china chimene eni makampani amachiiwala kawirikawiri, ndipo chidaonekera ku Sialkot komweko. Mzindawu umasokanso mipira ya miyendo, ndipo mipira ya mpikisano wa dziko lonse wa 2014 ndi 2022 idapangidwa kumeneko. Ofufuza a m'mayunivesite a ku America ndi ku Lahore adapanga chodulira chatsopano chimene chinkatulutsa zidutswa zambiri za mpira pa chikopa chimodzi chochita kupanga, kutanthauza kutaya zochepa. Mu 2012 adachipereka kwaulere kwa makampani 35. Patapita chaka ndi miyezi, ochepa okha ndiwo ankachigwiritsa ntchito.

Chifukwa chake chinali pa malipiro. Odula zikopa ankalipidwa potengera kuchuluka kwa zidutswa zimene adula. Chodulira chatsopanocho chinkawachedwetsa masiku oyamba pamene akuchiphunzira, ndiye malipiro awo ankatsika, pomwe phindu la chikopa chopulumutsidwa linkapita kwa bwana. Ambiri adangouza mabwana awo kuti chidacho sichigwira bwino ntchito, ndipo mabwanawo adakhulupirira. Ofufuzawo atapereka ndalama yofanana ndi malipiro a mwezi umodzi kwa wodula amene wasonyeza kuti wachidziwa, makampani ena owonjezera adayamba kuchigwiritsa ntchito. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 2017.

Nkhani imeneyi siyachilendo kwa munthu wa kuno. Woyendetsa chigayo amene amalipidwa pa ndowa sangakonde sefa yosalala imene imachedwetsa mzere, ngakhale ufa wake uli wabwino. Waganyu wothyola thonje amene amalipidwa pa kulemera kwa thumba alibe chifukwa chochotsera masamba ndi zinyalala. Mlimi amene wauzidwa kuti asankhe thonje loyera padera ndi lodetsedwa padera, koma pamsika n'kupeza kuti kusiyana kwa mtengo ndi kochepa kapena wosankha magiredi waika zonse pamodzi, chaka chamawa sadzavutikanso. Alangizi akabwerera ku ofesi amalemba kuti alimi ndi ouma mutu, pamene alimiwo angowerengera bwino.

Nyengo yogula ikayandikira, makomiti a alimi a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba amakumana ndi makampani ndi a zaulimi a boma kukambirana za misika, masikelo ndi magiredi. Pa misonkhano imeneyi mpamene njira zatsopano zimalengezedwa, kaya ndi matumba atsopano, kalembera wa pa foni kapena kulipira kudzera pa M-Pesa. Komiti ili ndi ufulu wofunsa kuti ntchito yowonjezerayo igwera ndani, kusiyana kwa mtengo pakati pa giredi yoyamba ndi yachiwiri kukhala mametikali angati pa kilogalamu, ndiponso ndani adzaimirire alimi pa sikelo tsiku logula.